Mphamvu ya Njinga Yam'mapiri Ili pa Wilo Yakumbuyo

Pa zinthu zonse zimene zimapanga njinga, palibe chimene wogula amachiyang'ana mothamanga ngati wilo. Maso ake amakodwa ndi utoto wa felemu, kufewa kwa chishalo ndi kuchuluka kwa magiya. Akafika pa wilo amangofinya tayala ndi chala chachikulu, ndipo akamva kuti mpweya ulimo, amatulutsa ndalama. Komatu njinga zambiri zimene zakolekedwa m'makhonde ndi m'zigafa sizinafe felemu ayi. Zinafa wilo yakumbuyo: limu inapindika, masipoko anaduka imodziimodzi, ekiselo inakhota, kapena habu inadyeka m'kati mpaka mwini wake anatopa ndi kulipira wokonza.

Nkhaniyi si ya anthu amasewera okha. Mnyamata amene walemba mayeso a Fomu 4, nasowa malo ku koleji, nabwereka ndalama kwa amalume ake kuti ayambe kabaza ku Salima kapena ku Kasungu, chuma chake chonse chatsamira pa wilo imodzi, ndipo tsiku limene wiloyo yagona kwa wokonza ndi tsiku limene ngongole yaima koma mimba sinaime. Chimodzimodzinso mphunzitsi amene watumizidwa ku sukulu yakutali ndi msewu wa tala, kumene chigayo, chipatala ndi msika zili kuseri kwa phiri. Kuyambira mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, zipangizo za njinga, zimene zimaitanitsidwa kuchokera kunja, zinakwera mtengo kotero kuti kugula limu kawiri m'chaka chimodzi ndi chinthu chowawa ndithu.

Choyamba chimene wogula ayenera kudziwa ndi chakuti njinga yamatayala akuluakulu ndi magiya ambiri, imene ogulitsa amaitcha mountain bike, sinapangidwire katundu. Inabadwira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, kumene anyamata ena m'zaka za m'ma 1970 anayamba kutola njinga zakale za Schwinn, zopangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, namatsetsereka nazo m'misewu yafumbi ya m'mapiri. Pa 21 Okutobala 1976 anachita mpikisano wao woyamba pafupi ndi tauni ya Fairfax, pa njira yotsika mamita pafupifupi 400 m'makilomita atatu okha. Njingazo zinali ndi buleki ya m'habu, ija yogwira munthu akapalasa chobwerera m'mbuyo. Pofika kumunsi habu inkakhala itatentha mpaka gilisi kusanduka utsi, ndipo eni ake ankayenera kuimasula ndi kuikamo gilisi wina. Pa chifukwa chimenechi mpikisanowo anautcha Repack, ndiko kuti kulongedzanso. Dzina loyamba kutchuka m'mbiri ya njinga imeneyi, tsono, ndi dzina la vuto la habu. Mu 1977 Joe Breeze anapanga felemu yoyamba yolinganizidwira ntchito imeneyi, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa njinga zotere zambirimbiri pa dzina lakuti Stumpjumper.

Onse amenewa ankaganizira za munthu mmodzi wopanda katundu, wodzuka pa chishalo akaona mwala. Njinga yomweyo ikafika ku Dedza kapena ku Thyolo imamangiriridwa keliyala, ndipo pakeliyalapo pamakhala thumba la chimanga la makilogalamu 50, nthawi zina awiri, kapena mayi wobereka mwana. Kulemera konseko kumagwera pa wilo yakumbuyo, ndipo thumba la chimanga silidzuka likaona dzenje. N'chifukwa chake munthu amene ndalama zake n'zoperewera sayenera kuzigawa mofanana pakati pa mawilo awiri. Wilo yakutsogolo, ngakhale yotsika mtengo, imatha zaka osadandaula. Ndalama zipite kumbuyo.

Kodi wilo imanyamula bwanji katundu? Gudumu lamatabwa la ngolo zakale linali ndi mizati yochirikiza kuchokera pakati kufika m'mphepete. Sipoko ya njinga si mzati. Ndi waya amene mwana angathe kumupinda ndi zala. Nzeru yake inakhwimira ku Coventry, ku Mangalande, kumene James Starley ndi William Hillman mu 1870 anapanga njinga yotchedwa Ariel, yokhala ndi mawilo a waya wokungidwa, ndipo mu 1874 Starley anatulukira kalukidwe kopingasa masipoko kamene kakugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Mphamvu ya wilo yotere ili m'kukungika, monga mphamvu ya uta ili m'chingwe chake. M'wilo yolukidwa bwino sipoko imakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 100, njinga isanakwerepo munthu aliyense.

Katswiri wina wa zamakina, Jobst Brandt, analongosola m'buku lake la mu 1981 lotchedwa The Bicycle Wheel chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Munthu akakwera njinga, masipoko apamwamba sakungika kwambiri kuposa kale. Chimene chimachitika ndi chakuti masipoko ochepa amene ali pansi, pakati pa habu ndi nthaka, amalekerera pang'ono kukungika kwao. Ngati anakungidwa mokwanira, amalekerera koma osafooka, ndipo wilo imakhalabe yolimba. Koma ngati anali olefuka kuyambira pachiyambi, amafookeratu nthawi iliyonse imene afika pansi. Pamenepo kanati kogwira sipoko ku limu kamayamba kumasuka kokha, ndipo khosi la sipoko, pamene yapindikira polowa m'habu, limagwedezeka monga waya amene munthu akumupinda uku ndi uku kuti aduke. Wilo ya mainchesi 26 imazungulira pafupifupi ka 500 pa kilomita imodzi. Wakabaza woyenda makilomita 20 pa tsiku wapinda khosi la sipoko iliyonse pafupifupi ka 10,000 dzuwa lisanalowe.

Apa pakuonekera chinthu chimene chimasokoneza ogula ambiri. Sipoko ikaduka, anthu amati inali yopyapyala, nakafuna yonenepa. Nthawi zambiri sipoko imaduka chifukwa inali yolefuka. Mawilo a njinga zotsika mtengo amalukidwa ndi makina ku fakitale, ndipo ambiri amafika m'sitolo ali owongoka bwino koma osakungika mokwanira. Chinthu chotchipa koposa chimene mwini njinga yatsopano angachite, ndipo chopindulitsa koposa, ndicho kupita nayo kwa mmisiri wodziwa kuluka mawilo asanaikwere n'komwe, kuti akunge masipoko onse mofanana, awafinye awiriawiri ndi dzanja kuti akhazikike, kenaka awongolenso limu. Wogula angathe kudziyesera yekha ali pamsika: agunde masipoko ndi chikhadabo monga woimba bangwe. Masipoko a mbali imodzi ayenera kulira mawu ofanana ndi omveka. Sipoko yolira mogonthera ndi yolefuka. Mbali ziwiri za wilo yakumbuyo sizilira chimodzimodzi, ndipo chimenechi si cholakwa. Chifukwa chake chioneka pa nkhani ya habu.

Pa kuchuluka kwa masipoko, mwambi wakale wakuti mutu umodzi susenza denga ukugwira ntchito monga momwe uliri. Njinga zakale zachingerezi, zamtundu wa Raleigh ndi Humber, kawirikawiri zinkakhala ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pakuti ozipanga ankadziwa kumene kuli katundu. Njinga zam'mapiri zamakono zimabwera ndi 32, ndipo zina zamasewera ndi 28 kapena 24. Kwa wonyamula katundu, 36 ndiye poyambira. Phindu lake ndi lapawiri: katundu amagawanika pa masipoko ambiri, ndipo sipoko imodzi ikaduka panjira wilo ya 36 imapindika pang'ono chabe, mwini wake n'kukafika kunyumba, pamene ya 24 imakhuza mabuleki kapena felemu n'kukana kuzungulira. Malimu ndi mahabu a mabowo 36 ndiwonso osavuta kupeza m'misika. Mabowo a limu ndi a habu ayenera kufanana chiwerengero. Amene wagula limu ya 36 ndi habu ya 32 wagula mavuto.

Masipoko abwino ndi achitsulo chosachita dzimbiri, onenepa mamilimita 2, amene amalonda amawatcha geji 14. A geji 13 ndi onenepa mamilimita 2.3 ndipo amathandiza pa katundu wolemera, malinga ngati alowa m'mabowo a habu popanda kukakamiza. A geji 12 amakopa maso, koma pa limu yopepuka amangoing'amba m'mabowo, popeza chofooka tsopano chasanduka limuyo. Masipoko wamba opakidwa zotuwa ndi otchipa ndipo amagwira ntchito, koma mvula ikawadutsa kawiri amamatirira ku tinati tao ndi dzimbiri, ndipo wilo imene tinati take sitizungulira singawongoledwenso. Tinati tamkuwa ndito tokhalitsa; ta aluminiyamu ndi topepuka, koma timafumbwa ndi kuphwanyika posachedwa.

Limu ili ndi msampha wake wa kukula umene wagwira anthu ochuluka. Mawu akuti mainchesi 26 sanena chinthu chimodzi. Tayala la njinga yam'mapiri lolembedwa 26 x 1.95 limakwana pa limu ya mamilimita 559, pamene tayala lolembedwa 26 x 1 3/8, lopezeka pa njinga zambiri zakaunjika zochokera ku Japan, limafuna limu ya mamilimita 590. Awiriwa salowana ngakhale atakakamizidwa ndi supuni. Nambala yoona imalembedwa m'mbali mwa tayala, monga 50-559, ndipo manambala atatu omalizirawo ndiwo oyenera kukumbukira popita kumsika. Njinga zakuda zakale za 28 x 1 1/2 ndi za 635. Njinga zam'mapiri zatsopano za mainchesi 29 ndi za 622, ndipo za 27.5 ndi za 584. Ku Ulaya ndi ku America mitundu iwiri yomalizayi inalanda msika wa njinga zamasewera m'zaka za m'ma 2010, koma munthu wokhala kutali ndi mzinda afunse kaye pa msika wa kwao ngati tayala ndi chubu cha kukula kumeneko zimapezeka. Wilo ya 559 ili ndi mwayi winanso: popeza ndi yaing'ono, imapirira kukankhidwa cham'mbali kuposa yaikulu yolukidwa chimodzimodzi.

Malimu ali mitundu itatu imene munthu wamba angakumane nayo. Yachitsulo ndi yotchipa, ndi yolemera, ndipo ikaphwanyika m'mphepete mmisiri amaibweza ndi hamala. Vuto lake ndi dzimbiri lodya kuchokera m'kati, ndiponso mabuleki amene pa chitsulo chonyezimira chonyowa amatsetsereka ngati palibe. Amene watsikapo msewu wochokera pamwamba pa phiri la Zomba mvula ikugwa sangaiwale kusiyana kumeneku. Ya aluminiyamu ya khoma limodzi imagwira buleki bwino koma ndi yofewa, ndipo ndiyo imene imakhala pa njinga zambiri zotchipa. Ya aluminiyamu ya makoma awiri, imene m'kati mwake muli mphako ngati ya bango, ndiyo yoyenera kuikidwa kumbuyo. Kuizindikira n'kosavuta tayala likachotsedwa: pa limu ya khoma limodzi mitu ya tinati imaonekera poyera, pamene pa ya makoma awiri imabisala m'mabowo. Mabowo amenewo amafuna lamba wolimba wansalu kapena wapulasitiki. Chidutswa cha chubu chakale chimene chimakwanira pa limu yachitsulo chimamira m'mabowomo, chubu n'kuphulikira m'kati, mwini wake n'kumafunafuna munga umene kulibe. Za malimu a kaboni, amene mtengo wa imodzi ungagule njinga zingapo zathunthu, asiyidwe kwa ampikisano.

Pogula limu yakaunjika, wogula aike lula chopingasa pa khoma pamene pamagwira buleki. Mchenga wa nyengo yamvula umasandutsa mphira wa buleki kukhala tupa, ndipo khoma limadyeka mpaka kuchita chigwa. Limu yotere imatha kung'ambika mpweya utangopopedwa. Ayang'anenso ming'alu ing'onoing'ono mozungulira mabowo a masipoko, makamaka kumbali ya magiya.

Habu ndiyo imafuna kulingalira kwambiri, pakuti zoipa zake zimabisika. Njinga zam'mapiri zotchipa zimakhala ndi fuliwilo, ndiko kuti mulu wa magiya umene umazunguliridwa pa habu ngati nati. Kuti mulu umenewu upeze malo, timipira tachitsulo ta mbali ya kumanja timakankhidwira m'kati, kotero kuti chigawo chachitali cha ekiselo chimakhala chopanda chochirikiza kuyambira pa timipirato kufika pa felemu. Pamenepo ndi pamene ekiselo imakhota ndi kuduka, ndipo magiya akachuluka chigawocho chimatalikanso. Fuliwilo ya magiya 7 imathyola ekiselo msanga kuposa ya magiya 5. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Shimano ya ku Japan inafalitsa habu ya mtundu wina, imene chogudubuza chake chili m'habu momwemo ndipo magiya, amene amatchedwa kaseti, amangolowetsedwa pamwamba. M'habu yotere timipira ta kumanja tili kufupi ndi felemu, ndipo ekiselo sikhota wamba. Kusiyanitsa mitundu iwiriyi n'kotheka ndi maso: wilo ikachotsedwa, magiya azunguzidwe chobwerera, ngati mphako yolowetsamo chomasulira ikuzungulira pamodzi ndi magiya, imeneyo ndi kaseti, koma ikaima chiimire, ndi fuliwilo.

Kaseti ndi yabwino, koma si paliponse pamene imapezeka ikatha, pamene fuliwilo ili m'sitolo iliyonse ya zipangizo za njinga. Choncho amene wapeza wilo yakaunjika ya kaseti ya mabowo 36 asaisiye, malinga ngati akudziwa kumene adzagule ina. Amene ali ndi fuliwilo asankhe ya magiya ochepa, ndipo aike ekiselo yopanda mphako, yomangidwa ndi manati. Palinso njira yachitatu imene okonza njinga ambiri amaidziwa, ngakhale imanyozeka kwa achinyamata. Mulu wa magiya umachititsa kuti masipoko akumanja aime chilili ndi kukungika kwambiri, pamene akumanzere amapendekeka nakhala olefuka, ndiye chifukwa chake mbali ziwirizi sizilira mofanana. Akumanzerewo ndiwo amayamba kumasuka katundu akalemera. Munthu wa m'chigwa, monga ku Nsanje kapena m'mphepete mwa nyanja, akachotsa mulu wonse naika giya imodzi, mmisiri n'kusendeza habu kuti ikhale pakati, masipoko a mbali zonse amakungika pafupifupi mofanana, ndipo wilo yomweyo imalimba kuposa mmene inachokera ku fakitale. Wa ku Ntcheu kapena ku Rumphi sangachite zimenezi popanda kuvutika pa zitunda, koma wa m'dambo amanyamula magiya 21 amene amagwiritsa ntchito awiri okha.

Nzeru imeneyi ndi yomwe inatsatidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief, lokhazikitsidwa mu 2005, pokonza njinga yake ya Buffalo imene imagulitsidwa m'Malawi ndi m'Zambia: giya imodzi, buleki ya m'habu, masipoko onenepa, ndi keliyala yololedwa kunyamula makilogalamu 100. Buleki imene anyamata a ku Fairfax anaithawa chifukwa cha kutentha pa mtsetse wautali ndi yomwe inasankhidwa pano, pakuti sidya limu, siopa matope, ndipo imagwirabe ngakhale wilo itapindika.

M'kati mwa habu muli mitundu iwiri ya zogudubuzira. Wakale ndi wa timipira totayana, togudubuzika pakati pa kapu ya m'habu ndi koni yozunguliridwa pa ekiselo. Kawirikawiri kumbuyo kumakhala timipira 9 mbali iliyonse, ta kukula kwa 1/4 ya inchesi, ndipo kutsogolo 10 ta 3/16. Shimano yakhala ikugwiritsa ntchito mtundu umenewu ngakhale m'mahabu ake odula, ndipo ubwino wake kwa munthu wakumudzi ndi woonekeratu: masipanala awiri, timipira tatsopano ndi gilisi wodzaza supuni zimaibwezera moyo. Timipira ndi makoni zimagulidwa pazokha, koma kapu ikachita timaenje habu yatha, ndipo kusintha habu ndiko kumasula masipoko onse ndi kulukanso wilo. Kapu imaonongeka m'njira ziwiri: koni yomangidwa mopitirira, kapena madzi. Chizolowezi chotsukira njinga m'mtsinje, wilo itamira mpaka pa ekiselo, chapha mahabu ambiri kuposa mabampu. Mafuta a galimoto othiridwa ndi botolo sathandiza. Amangosungunula gilisi wotsala n'kutuluka naye. Habu itsegulidwe kawiri pa chaka, mvula isanayambe cha mu Novembala ndiponso itatha cha mu Epulo.

Mtundu wina ndi wa mabeleng'i otsekedwa, amene samangidwa kapena kumasulidwa. Akatha amagogodedwa n'kuikamo ena, ndipo thupi la habu silionongeka. Aliyense ali ndi nambala yolembedwa m'mphepete, monga 6000, 6200 kapena 6902. Ena mwa manambala amenewa ndi ofala m'makina osiyanasiyana ndipo angapezeke kwa ogulitsa zipangizo za njinga zamoto. Ena ndi a njinga zamasewera zokha. Wogula awerenge nambalayo asanalipire, nakafunse kumsika.

Pomaliza pali kuyeza m'lifupi. Felemu zambiri zakale zam'mapiri zimalandira habu ya mamilimita 100 kutsogolo ndi 135 kumbuyo, koma kuyambira cha m'ma 2015 njinga zodula zinasamukira ku muyeso wotchedwa Boost, wa 110 ndi 148, wokhala ndi ekiselo yonenepa yolowa m'bowo la felemu. Mawilo otere amafika m'makaunjika akunyezimira, ndipo sakwana pa felemu yakale. Momwemonso limu yopangidwira buleki ya disiki yokha ilibe khoma logwirapo mphira, ndipo siyenera kuikidwa pa njinga ya mabuleki wamba. Wopita kukagula wilo atenge yakale ija m'manja. Akapeza imene waikonda, agwire ekiselo ndi zala ziwiri naizunguze pang'onopang'ono: ikamveka ngati muli mchenga, kapu kapena koni yadyeka, nsonga yake ikamavina pozungulira, ekiselo yakhota, ikagwedera uku ndi uku, apemphe wogulitsa kuti amasule koni pomwepo, aone kapu ndi maso ake asanayambe kukambirana za mtengo.